Kamphuno Kofiira ka Bambo

Amuna ena akakukonda amakugulira nsapato. Ena amakuimbira foni mpaka khutu kutentha. Singano, mwa tsoka lake, anakondana ndi mwamuna amene akakukonda amakusinthira sisitemu ya kompyuta usanamupemphe.

Dzina loti Singano anamupatsa ndi makasitomala a mayi ake, osati chifukwa cha luso lake lopeta, ngakhale luso analidi nalo, koma chifukwa cha pakamwa pake pobaya. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pamwamba pa nyumba yosanja yodzaza mashopu, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. Theka la chipindacho linadyedwa ndi makina opeta mabaji, a mitu iwiri, aatali ngati bedi. Pakona panali kompyuta ya chibokosi imene inkauza makinawo chopeta. Kale inali yoyera, koma tsopano inali itatenga mtundu wa mano a munthu wosuta fodya.

Zonsezo anagula ndi malemu bambo ake zaka khumi ndi zisanu zapitazo. M'kompyutamo munali mabaji oposa mazana anayi, a masukulu, a makwaya, a matimu a mpira, onse ojambulidwa ndi bambowo ndi dzanja lawo. Chimwalirireni iwo, mayi ake Singano sanalole kuti kanthu kasunthe pakonapo, ngakhale kalendala ya chaka chimenecho.

Ndiye panatulukira wokonza makompyuta wa m'shopu ya pansi, mwamuna wamtali, wamtima wabwino, koma wa pakamwa posatopa. Tsiku loyamba limene Singano anapita naye kunyumba, m'malo mofunsa za moyo wa apongozi ake a m'tsogolo, iye analalikira ola lathunthu za sisitemu yaulere, imene aliyense angathe kuitenga osagula. Atachoka, mayi anangofunsa kuti, “Kodi a Waulere aja kwawo kuli anthu akuluakulu?” Dzinalo linamukakamira ngati chingamu pansi pa nsapato.

Panatenga chaka chathunthu cha misozi ndi kunyanyala kuti mayiwo alole amalume a Waulere kubwera kudzaonana nawo. Tsiku linali litadziwika: Loweruka la sabata yomweyo, masana.

* * *

Lachiwiri masana mayi ndi mwana anatseka shopu n'kupita kukagula ulusi. Kompyuta ija inali itayamba kuchedwa kuyaka, ndipo Singano, mayi ake osadziwa, anasiyira chibwenzi chake kiyi.

“Ungoipukuta fumbi n'kuona chimene chikuichedwetsa. Basi. Usachite zoposa pamenepo, wamva?”

Mwamuna anagwedeza mutu ngati munthu wakumva.

Lachitatu m'mawa anamupeza ataima pakhomo pa shopu, malaya atasita, mano onse ali panja.

“Mayi, mwadzuka bwanji? Ndakukonzerani kamphatso.”

“Tadzuka,” anatero mayi, osamuyang'ana. “Kaulere, ndikhulupirira.”

Waulere anadina batani. Kompyuta inayaka nthawi yomweyo, ngati yatsopano. Koma pa sikirini, pamene kwa zaka zonsezi pankaoneka chithunzi cha bambo ataima pambali pa makina awo, panali phiri la chipale chofewa la dziko limene palibe aliyense m'chipindamo anafikako.

“Mwaona liwiro limeneli?” anayamba Waulere, mawu ake akukwera ngati a mlaliki wa m'basi. “Sisitemu munali nayo ija eni ake anaitaya kalekale. Mavairasi ankalowamo ngati mumsika. Iyi ndi yopepuka, siigwidwa mavairasi chisawawa, siikufunsani chilolezo chogula. Anthu ozindikira dziko lonse akusamukira kumeneku.”

“Ikuyaka msanga, taona,” anatero mayi. “Nanga imapeta?”

“Aaa, zimenezo ndi zazing'ono, mayi.”

“Chabwino. Pali mabaji mazana atatu a sukulu ofunika Lolemba. Petani limodzi tione zazing'onozo.”

Waulere anakhala pampando wa malemu, chinthu chimene ngakhale Singano sankachita mayi ake akuona. Anadina apa, anadina apo. Pulogalamu yopetera ya bambo sinkatseguka pa sisitemu yatsopanoyo. Anatsegula ina yofanana nayo, imene anati inalembedwa ndi akatswiri odzipereka. Inaonetsadi baji pa sikirini, koma atailamula kutumiza ku makina, makinawo anangokhala duu, singano zawo zili m'mwamba ngati zikudikira munthu wanzeru.

“Ndi nkhani ya diraiva chabe,” anatero akupukuta chipumi. “Kapulogalamu kakang'ono komasulira pakati pa kompyuta ndi makina. Zikuoneka kuti makina amtunduwu palibe amene anawalembera ka sisitemu imeneyi.”

Mayi anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

“Ndiye kuti mwandithamangitsira womasulira wanga, n'kundiikira mlendo wovala bwino amene makina anga samumva.”

“Mayi, ndimafuna kuthandiza.”

“Safunsa anadya phula, bambo. Tamverani bwinobwino, chifukwa ine sindilalikira ola lathunthu ngati inu. Makinawa apete Loweruka lisanafike masana. Akapanda kupeta, amalume anuwo asavutike n'kusita jekete. Pakhomo panga sipadzapondanso munthu wa kwanu.”

Waulere anayang'ana Singano, kupempha thandizo ndi maso. Singano anatsonya, n'kuyamba kuyala ulusi pashelefu.

* * *

Nkhani m'nyumba ya mashopu imayenda msanga kuposa sisitemu iliyonse. Pasanathe maola awiri anatulukira Tayi, wogulitsa makompyuta atsopano tsidya la msewu, mwana wa mnzawo wa mayi wa kutchalitchi. Ankamutcha Tayi chifukwa sanaonekepo opanda tayi, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mayi ankamufuna kukhala mkamwini wawo, ndipo sankabisa. Singano ankamuona ngati chidole cha pawindo la sitolo ya zovala: chooneka bwino, koma ukachigogoda chimalira kuti mkati mulibe kanthu.

“Mayi anga, pepani, ndamva za ngoziyi,” anatero, akudutsa Waulere ngati mpando. “Asisi, muli bwanji? Musadandaule, zinthu zaulere ndi mmene zimathera. Ndabweretsa chenicheni.”

Anatulutsa laputopu yopyapyala ngati kope la mwana wasukulu, n'kuiika patebulo ndi zala ziwiri.

“Sisitemu yogula, ya chaka chino, imene dziko lonse likugwiritsa ntchito. Iyi makina aliwonse amaimva.”

“Lumikizani, mwana wanga,” anatero mayi, nkhope itawala.

Singano anamupatsa chingwe cha makina. Mutu wa chingwecho unali waukulu ngati chipeso, wa mano ambirimbiri, ndi tizitsulo tiwiri tomangira m'mbali. Tayi anatembenuza laputopu yake uku ndi uku. M'mbali mwake munali timabowo tiwiri tokha, toti ngakhale njere ya mpunga ingalowe movutikira.

“Kodi muchimangirira ndi tayi?” anafunsa Singano.

Waulere anaseka pakona, ngati iyeyo anali ndi chomusekera wina.

Tayi anathamangira kushopu kwake n'kubwera ndi adaputa, kachingwe kolumikizira mutu waukulu ku kabowo kakang'ono. Atalumikiza, laputopu inati idikiridwe kaye, ikudzikonza. Anadikira mphindi makumi anayi akuyang'ana kampira kozungulira pa sikirini. Itamaliza, inalengeza mwaulemu kuti chinthu chimene chalumikizidwacho siikuchidziwa.

“Vuto ndi makinawa, mayi,” anatero Tayi, akukonza tayi. “Ndi a nthawi ya makolo. Chofunika ndi makina atsopano ndi pulogalamu yatsopano. Ine ndikudziwa kowapeza.”

“Nanga mabaji a bambo anga atseguka m'pulogalamu yatsopanoyo?” anafunsa Singano.

“Akalewo ayi. Koma si kanthu, asisi, tingojambulitsa ena. Masiku ano aliyense amajambula.”

Kuwala kuja kunachoka pankhope ya mayi, koma Tayi sanaone. Anali atatembenukira kale kwa Waulere.

“Inu achimwene, mukanaika sisitemu ya anthu, bwenzi zonsezi kulibe.”

“Ya anthu iti? Yomwe yakudikiritsani mphindi makumi anayi n'kukukanirani pamaso pa anthuyi?”

“Yanuyo ndi ya anthu osowa chochita, amene amathera tsiku akufunafuna madiraiva.”

“Yanuyo ndi ya nkhosa, zongotsatira gulu!”

Singano anawayang'ana, amuna awiri akuluakulu atatupa ngati atambala pamwamba pa makina akufa. Ankanena za makinawo monga mmene ankanenera za iye: aliyense akudziwa chomuyenera, wopanda womufunsa. Anawanyoza onse awiri kuchokera pansi pa mtima, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mmodzi wa iwo ankamukondabe.

“Tatulukani nonse,” anatero. “Mwabwera ndi mipingo yanu, koma palibe amene anayamba wagwada kumbuyo kwa makinawa n'kuona kuti chingwe chake n'chotani. Tulukani, tikufuna kusesa.”

* * *

Masana omwewo foni ya Singano inalira kasanu. Sanayankhe. Kenako panabwera uthenga.

“Wokondedwa, ndisanafufute ndinakopera zonse pa disiki ina. Palibe chatayika. Mawa ndibwezeretsa sisitemu yakale.”

“Bwanji sunanene m'mawa muja?”

“Ndimafuna ndiyesebe kupeza diraiva. Sisitemu yakale ija ndi yoopsa, ukudziwa.”

“Choopsa m'shopu muno ndiwe. Ubwere ndi disikiyo, ulaliki usiye pansi.”

Lachinayi anabweradi, wofatsa ngati mbuzi yonyowa. Anagwira ntchito maola atatu osatsegula pakamwa, ndipo Singano anakumbuka chifukwa chimene anamukondera. Manja ake ankadziwa ntchito. Akanakhala munthu wa manja okhaokha, akanakhala mwamuna wabwino zedi.

Kompyuta inayaka mochedwa monga mwa masiku onse, ikubuula. Kenako bambo anatulukira pa sikirini, ataima pambali pa makina awo, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayi anangotenga mpango wawo n'kupukuta sikiriniyo, ngakhale panalibe fumbi.

Waulere anatsegula pulogalamu yopetera. Inatseguka theka, n'kuimika kabokosi ka mawu pakati.

“Ikuti chiyani?” anafunsa mayi.

“Ikuti kiyi wake sakupezeka. Mwina pali nambala yachinsinsi imene bambo analemba penapake.”

“Si nambala. Ndi kamphuno.”

“Kachiyani, mayi?”

“Kamphuno kofiira, kumbuyo kwa bokosiko. Kanabwera limodzi ndi pulogalamuyo. Bambo ake uyu anakamanga ulusi wofiira kuti aliyense akaone. Ankati, nyumba ikapsa, muyambe mwatulutsa kamphuno, ine munditulutse pambuyo. Popanda iko pulogalamu siitseguka, ndipo amene ankatipanga anatseka kampani kalekale. Kena kulibe.”

Singano anagwada n'kusuzumira kumbuyo kwa kompyuta. Kunali koyera bwino, kopanda fumbi ndi kamodzi komwe, zingwe zitamangidwa mwadongosolo ngati tsitsi la mkwatibwi. Pamene pankakhala kamphuno panali bowo lokha.

Atadzuka, anaona nkhope ya Waulere. Munthu ukamukonda umadziwa mtundu wa thukuta lake. Limeneli silinali la kutentha.

“Mwina kagwera pansi,” anatero iye. “Ndikaone m'chikwama changa kushopu.”

Singano anamutsatira, n'kumupeza pamasitepe.

“Wakaika kuti?”

“Tamvera kaye. Kanali kafumbi, kokulungidwa ulusi, kosweka pakona. Ndinaona ngati fulashi yakufa imene wina anaiwala. Palibe sisitemu yamakono imene imafuna zinthu zoterezi, ndiye ine...”

“Sindinakufunse za sisitemu. Wakaika kuti?”

“M'katoni ya zakufa.”

“Tiye tikatenge.”

Waulere anayang'ana nsapato zake.

“Katoniyo inapita Lachiwiri lomwelo. Pali munthu amene amabwera kudzatenga tizipangizo takufa. Amapangira zokongoletsera.”

“Munthu. Ali ndi dzina la ntchito munthuyo? Kapena ndikuthandize? Amapanga ndolo.”

Analidi mkazi amene anthu ankamutcha Wandolo. Wandolo ankadziwika m'misewu yonse ya kumeneko. Ankatenga timabatani ta makiyibodi, tizidutswa tobiriwira ta m'kati mwa makompyuta ndi timawaya, n'kupanga ndolo ndi mikanda imene atsikana a kukoleji ankalimbirana. Anali chibwenzi cha Waulere zaka ziwiri Singano asanabwere, ndipo Waulere analumbira pa dzina la mayi ake omubala kuti sankaonananso.

“Ndiye Lachiwiri lililonse amabwera,” anatero Singano.

“Kudzatenga zinyalala basi! Ndimangomupatsa katoni pakhomo.”

“Chinthu chimene bambo anga anati chiyambe kutuluka m'moto iwo asanatuluke, iwe wachipereka kwa chibwenzi chako chakale ngati chinyalala.”

“Ndikakatenga ndekha. Lero lomwe. Chonde, mayi asadziwe kumene kali.”

Singano anabwerera m'shopu n'kuuza mayi ake kuti kamphuno kasokonekera m'zipangizo za pansi, kapezeka. Linali bodza lake loyamba kwa mayi ake chifukwa cha mwamuna, ndipo linamuwawa mkamwa ngati mankhwala a malungo.

* * *

Lachisanu m'mawa shopu ya pansi inali yotseka. Uthenga unalowa Singano akumanga mabaji akale m'mapaketi.

“Wokondedwa, nkhani ziwiri. Kamphuno kalipo, ndi kabwinobwino, ndikalandira Lamulungu m'mawa. Tipeta tsiku lonse, mabaji Lolemba atuluka. Koma amalume adwala mwadzidzidzi, ali m'chipatala, ndili nawo kuno. Uwapepese mayi, za mawa zija tisunthire sabata yamawa.”

Mkwiyo wa Singano unaphwa pang'ono. Amalumewo anawaonapo kamodzi, munthu wachikulire wansangala amene anamutcha mpongozi tsiku loyamba lomwelo. Anawawerengera mayi ake uthengawo, atadumpha za kamphuno, n'kungoti kapezeka.

“Hmm,” anatero mayi. “Matenda sasankha tsiku.” Kwa mayi amenewo, mawu ochepa chonchi anali chifundo chachikulu.

Koma mawu amodzi anakhala akumukanda Singano m'mutu. Lamulungu. Ngati kanthuko kalipo, kakudikira chiyani mpaka Lamulungu? Kakupita kutchalitchi? Nthawi ya nkhomaliro itakwana, anatenga chikwama chake n'kunena kuti akukagula singano za makina.

* * *

Wandolo anali ndi kakauntala pansi pa masitepe a nyumba ina ya mashopu, misewu itatu kuchokera pamenepo. Pakhoma panali bolodi la nsalu yakuda lodzaza ndolo zonyezimira. Patebulo panali kapulaya, guluu, ndi kachoboolera kamagetsi kakang'ono ngati cholembera. Mwini wake anali atakhala pampando wautali, miyendo atapingasa, akupenta zikhadabo.

Singano sanafunike kufunsa kanthu. Kamphuno kanali pachifuwa pa mkaziyo, kakulendewera pa tcheni chopyapyala chasiliva. Ulusi wofiira unali pomwepo, utazungulira kasanu ndi kawiri, ndi mfundo yopindira mkati imene bambo ake ankamalizira nayo ntchito iliyonse. Mfundo imeneyo anamuphunzitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano inali pakhungu la mkazi ameneyo, pakati pa fungo la perefyumu.

“Iii, koma lero kwacha bwino,” anatero Wandolo, akuuzira zikhadabo. “Asisi a mabaji atiyendera. Mukufuna ndolo za chinkhoswe? Kapena zinasinthatu?”

“Chimene mwavalacho ndi cha bambo anga.”

“Ichi? Ine ndinachipeza m'zinyalala zimene anandipatsa mnzanga. Kwanu zinthu za bambo mumasunga m'zinyalala?”

“Chinatayidwa molakwitsa. Popanda icho makina athu sagwira ntchito. Nenani chimene mukufuna.”

“Kwa inu? Palibe, asisi. Inu mulibe chimene ine ndingafune.” Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kuseka. “Chabwino, chilipo chimodzi. Koma chimenecho takambirana kale ndi mwini wake.”

Singano anayeza mtunda ndi maso. Tcheni chinali chopyapyala, kukoka kamodzi kokha chikanaduka. Wandolo anaona maso akewo. Anavula tchenicho yekha mosafulumira, n'kugoneka kamphuno patebulo, n'kutenga kachoboolera kaja. Anakayatsa, kanalira ngati udzudzu, ndipo anakaimika pamwamba penipeni pa kamphunoko.

“Mwaona, sindinakaboole. Ndinangokolowetsa tcheni mu ulusiwu, chifukwa mfundoyi inandisangalatsa. Zinthu zanga zonse ndimaboola pakati. Dzanja langa likanjenjemera chifukwa cha phokoso la munthu, musadzati ndine woipa.”

Singano anabweza phazi limene anali atasuntha.

“Anabwera dzulo, eti?”

“Anabwera. Thukuta lili kamukamu, akulankhula za madiraiva ndi masisitemu, ngati kale lomwe. Munthu uja sasintha. Ine ndinamumvetsera zaka ziwiri, asisi, inu mwangoyamba kumene. Ndinamuuza kuti kanthu kake ndimupatsa, kwaulere, poti zaulere ndi zimene amakonda. Kungoti mawa mng'ono wanga akukwatiwa. Azakhali anga onse akudziwa kuti ine ndili ndi mwamuna wamtali wokonza makompyuta, sindinawauzepo kuti tinasiyana. Ndiye mawa akhala pambali panga kuyambira kutchalitchi mpaka ku holo, atavala suti, atandigwira dzanja pojambulitsa. Lamulungu m'mawa adzatenge kamphuno kake.”

“Mukunama. Mawa amalume ake amayenera kubwera kwathu. Ndipo ali m'chipatala.”

“Amalume ati? A dazi aja, oseka kwambiri?” Wandolo anathimitsa kachoboolera, koma kamphuno anakaphimba ndi chikhatho. “Ndawaona m'mawa uno pa shopu ya telala, akuthandiza mphwawo kuyesa suti. Odwala ake amenewo ndiye ayi, amatafuna chimanga chootcha ngati mnyamata.”

“Sangavomere zimenezo.”

Wandolo anatsegula foni yake ndi dzanja linalo n'kuitembenuzira kwa Singano. Nambala inali yomweyo imene Singano ankaidziwa pamtima. Chithunzi chinali chomwecho, chimene anamujambula yekha tsiku lobadwa. Uthenga unali wa dzulo madzulo, waufupi kuposa ulaliki wake uliwonse.

“Chabwino, ndibwera. Koma iye asadziwe.”

Iye. Chaka chathunthu cha kulimbana ndi mayi ake, kukana Tayi ndi malaputopu ake, kunama dzulo lomweli kuti amuteteze, ndipo m'foni ya mkazi ameneyu dzina lake linali iye. Ankadziwa chimene Waulere adzanene akadzamufunsa: kuti anachitira makina, anachitira mabaji a bambo, anachitira iwo awiri. Ndipo mwina n'zoona. Koma anachitanso monga anachitira ndi kompyuta ija. Anaona vuto, anasankha yekha chimene chili chabwino kwa Singano, n'kufufuta zina zonse osamufunsa.

“Musalire pano, asisi, muthamangitsa makasitomala,” anatero Wandolo, akuvalanso tcheni chija. “Kusankha n'kwanu. Mukamuletsa, mawa kamphuno ndikaboola, kakhala ndolo yokongola. Mukamusiya, Lamulungu makina a bambo anu apeta. Ndi tsiku limodzi lokha. Ndikubwezerani ali wathunthu, mwina.”

“Sindikulira,” anatero Singano, ndipo sankaliradi. M'maso mwake munali mouma ngati mwa nsomba ya pamsika.

Foni yake inalira m'chikwama. Anaganiza kuti ndi Waulere, ndipo mawu oti amubaye nawo anali atafola kale palilime. Koma anali mayi ake.

“Iwe, uli kuti? Singano zake zikuchita kusulidwa?”

“Ndikubwera, amayi.”

“Tamvera. Ndakhala ndikuganiza. Mnyamata uja ndi chitsiru, koma dzulo wandibwezera bambo ako pa sikirini, ndipo manja ake ndawaona. Munthu sasungira mkwiyo banja limene lili ndi matenda.” Mayi anakhosomola, ngati mawuwo akuwakanda pakhosi. Chaka chonsechi Singano anali asanawamvepo akunena za Waulere ndi mawu ofewa chonchi. “Ndatseka shopu. Ndagula malalanje ndi nthochi, tikawaone amalume akewo lero lomwe. Tamufunsa mkamwini wangayo kuti agonekedwa chipatala chiti, wodi yanji.”

Wandolo, amene anamva zonse, anatsamira pakauntala, kamphuno kofiira kakugwedezeka pachifuwa pake.

“Ayankhenitu amayi, asisi,” ananong'ona. “Malalanje angawole.”